A Mwakalinga, Osesa Pabwalo la Pathonje

Ndinafika ku Karonga m'chaka cha 1972, ndili namwino wongotuluka kumene kusukulu, mtsikana wa ku Ntcheu amene chibadwire anali asanapitirirepo Lilongwe. Kalata yanga inkati ndikayambe ntchito pa kachipatala ka m'tauni kamene anthu onse ankangokatchula kuti Pathonje. Pageti anandilandira bambo wina wamtali, wometa bwino, atavala jasi loyera lofika m'mawondo, zolembera zitatu zili ndondondo m'thumba la pachifuwa. Ndinagwada monga anandilerera amayi anga.

"Muli bwanji adokotala? Ndine Evelyn, namwino watsopano."

"Ndagha, ndagha, mwana wanga," anatero bamboyo, kuthokoza m'Chinkhonde. "Dzukani, fumbi la kuno likalowa m'diresi silituluka."

Anandiyendetsa chipatala chonse, anandionetsa nyumba yanga, n'kundiuza kuti ntchito imayamba hafu pasiti seveni ndipo iwo sagwirizana ndi anthu ochedwa. M'mawa mwake ndinalawirira ndi mantha. Ndinawapeza pakhonde, jasi lomwe lija, atatsamira tsache. Mzamba amene ndinam'funsa anaseka mpaka kugwira khoma.

"Amenewo ndi a Ambokile Mwakalinga, osesa pabwalo. Dokotala ndi uyo akubwera apoyo, wamfupiyo."

Ndinawakwiyira sabata yathunthu. Kenako ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo mbiri yawo ndinaimva kwa iwo eni, kwa akazi awo a Dora, ndi kwa dokotala wamfupi uja.

A Mwakalinga anabadwira ku Kaporo, kwa alimi a mpunga. Ali mnyamata madzi osefukira anakokolola munda wa bambo awo zaka ziwiri zotsatizana, iwo n'kuona kuti bola kukakumba miyala kusiyana n'kulimira mtsinje. Analembetsa Wenela, ulendo ku Joni. Kumigodi anagona chipinda chimodzi ndi anyamata a ku Dedza ndi ku Mulanje, ndipo anabwerako mu 1965 ndi njinga, chipewa, ndi Chichewa chawochawo chothira Chiswahili pang'ono ndi mawu ena akumigodi amene ife sitinkawadziwa kwawo.

Chaka chomwecho ndi chimene Pathonje inatsegulidwa. Inali nyumba yakale yosungiramo thonje, zipinda ziwiri, benchi imodzi, kabati ya mankhwala, ndi sikelo yoyezera mabelo a thonje imene anayamba kuyezerapo ana. Woyang'anira anali a Gideon Kamwendo a ku Chiradzulu, wothandizira madokotala amene tonse tinkangowatcha adokotala. Ntchito ankaidziwa, koma Chitumbuka ndi Chinkhonde sankamvapo ngakhale liwu limodzi.

Tsiku lina a Mwakalinga anabwera Pathonje ndi chithupsa chachikulu pathako. Poti kukhala pabenchi sakanatha, anaimirira pafupi ndi chitseko cha adokotala, ndipo zonse za m'katimo zinkawalowa m'khutu. Munali mayi wa ku Mlare.

"Mutu ukuwinya," anatero mayiyo m'Chitumbuka.

"Ukuwina? Ukuwina chiyani mutuwo?"

"Ukuwinya chomene."

"Amayi, kuno si kumpira. Nenani chimene chikukuvutani."

A Mwakalinga anasuzumira. "Bwana, akuti mutu ukuwawa kwambiri."

Wotsatira anali bambo amene anabwera ndi mkazi wake, n'kunena kuti mkaziyo wali na nthumbo. A Kamwendo anayankha kuti munthu aliyense ali ndi matumbo, dzanja likupita kale ku botolo la mankhwala a njoka za m'mimba. A Mwakalinga anasuzumiranso.

"Bwana, za njokazo zisiyeni. Akuti mayiwa ndi oyembekezera."

A Kamwendo anabweza botolo pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana munthu wapachitsekoyo ngati aona mngelo. "Inu, imani pomwepo. Musachoke."

A Mwakalinga anaima tsiku lonse. Akati anene za vuto lawo, a Kamwendo ankati, "Tithane kaye ndi awa." Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu a Kamwendo anachita manyazi poona kuti munthu waimirira masiku atatu osadandaula. Anakoka mpando wawo womwe, anawagwira a Mwakalinga m'mapewa n'kuwakhazika mwamphamvu, akuti, "Khalani pansi achimwene, mwatopa." Kukuwa kwake akuti kunamveka mpaka kumsika. Chithupsa chinaphulika pomwepo.

"Chithandizo chokhacho chimene a Kamwendo anandipatsa ndi chimenecho," ankatero a Mwakalinga, "ndipo chinagwira kabisa."

A Kamwendo analemba kalata kulikulu kupempha kuti alembe ntchito womasulira. Yankho linabwera patatha miyezi itatu, lonena kuti ntchito yotero kulibe, koma malo a wosesa pabwalo alipo. A Mwakalinga anapatsidwa tsache. Jasi loyera anachita kusoketsa okha kwa telala, ndipo zolembera zitatu zija zinali zotha inki zimene a Kamwendo anataya.

Kumasulira kwawo kunali ndi malamulo akeake. Wodwala akafotokoza kwa mphindi khumi, kuyambira pamene ng'ombe inamuponda chaka chatha mpaka maloto a dzana, a Mwakalinga ankamvetsera mofatsa, n'kutembenuka, n'kunena kuti, "Malungo, bwana." Ndipo kawirikawiri anali malungodi. Koma adokotala akanena mawu asanu okha, akuti mapilisi awiri m'mawa ndi madzulo, a Mwakalinga ankatsokomola kaye, n'kuyamba ulaliki. Ankatchula agogo a wodwalayo, mudzi wake, chitsime chimene amamwa, ndi khalidwe lake pa tsiku la msika. Wodwala ankatuluka akugwedeza mutu, akudabwa kuti dokotala wa ku Chiradzulu wadziwa bwanji zonsezi pongomugwira pamkono. Mbiri inafika ku Kaporo, ku Mlare, mpaka ku Hara, kuti Pathonje pali dokotala woona m'kati mwa munthu. Mzere unatalika, ndipo boma linawonjezera zipinda zina ziwiri, mzamba, ndi ine.

Vuto lathu lalikulu linali la amayi oyembekezera. Analibe pogona, ndipo ankadikirira pakhonde, mvula ndi dzuwa. Tsiku lina mu 1973 a Kamwendo anatuluka n'kuwapeza azibambo ambiri amene anaperekeza akazi awo, n'kuwauza a Mwakalinga kuti, "Muwauze kuti pepani, malo tilibe. Tinapempha kulikulu koma sanayankhe."

A Mwakalinga anayankhula nthawi yaitali, akuloza khonde, akuloza azibambowo, akuloza kumwamba. Azibambo anawerama mitu. Wina anavula chipewa. Ine ndinangoti kupepesa kwa Chinkhonde n'kwakutali.

Patatha masabata atatu tinadzidzimuka ndi phokoso la mabelu a ng'ombe. Ngolo zinali zitandandalika kuchokera pageti mpaka kumsewu, zonse zodzaza njerwa zowotcha.

"Njerwazi n'za yani?" anafunsa a Kamwendo.

"N'zanu, bwana."

"Ndinaitanitsa liti?"

"Tsiku lija munapepesa lija. Ndinawauza kuti mwana wobadwira pakhonde adzakula akudziwa kuti bambo ake anali ndi ng'ombe makumi awiri koma analephera kuumba njerwa. Ndinati ndi inu mukutero."

A Kamwendo anakhala pansi pa masitepe, n'kugwira kumutu. Koma njerwa zinali zafika, ndipo kuzibweza kukanakhala chipongwe. Amisiri a m'tauni anadzipereka, anyamata a sukulu anatuta mchenga pa Sabata ya Achinyamata, ndipo likulu litamva kuti makoma afika pa mawindo linachita manyazi n'kutumiza malata. Pofika mwezi wa Juni 1974 wodi ya amayi inali itaima, mabedi khumi ndi awiri.

Kudzatsegula wodiyo kunabwera nduna ya boma. Masiku amenewo nduna ikabwera, tauni yonse inkatseka. Ayufi anayenda khomo ndi khomo kutulutsa anthu, amayi a chipani anavala nsalu zawo, ifenso tinasita mayunifolomu mpaka kuwala. Nduna inali ya chigawo chapakati, ndipo inayankhula m'Chichewa monga mwa lamulo. Tcheyamani wa chipani wa m'tauni, poona nkhalamba zambiri zikungoyang'ana pakamwa pa nduna osamva kanthu, anakodola a Mwakalinga kuti adzaime pambali azimasulira. A Kamwendo atawaona akukwera pansanja ndi jasi lawo, anandinong'oneza kuti, "Anesi, pempherani."

Poyamba zinayenda bwino. Nduna inatamanda boma, inatchula umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo a Mwakalinga anaona kuti pamenepa sipofunika kuthirapo mchere. Kenako nduna inaloza ngolo zimene zinali pansi pa mitengo.

"Ndamva kuti amayi athu amabwera kuno pa ngolo, ena kuchirira panjira. Vuto limeneli boma laliona."

A Mwakalinga anatsokomola. Ananena ziganizo zinayi zokha m'Chinkhonde, n'kubwereza m'Chitumbuka, manja akuzunguza ngati agwira chiwongolero. Bwalo lonse linaphulika. Nthungululu, ng'oma, fumbi. Amayi anavina mpaka pansanja. Tcheyamani, amene ankamva ziyankhulo zonse, anatuluka thukuta mpaka m'kolala, koma anawomba m'manja kuposa aliyense, chifukwa munthu wosawombera nduna m'manja ankaonedwa. Nduna inamwetulira, ikuganiza kuti sinayankhulepo bwino chonchi chiyambire.

Pamenepo mkulu wina wa ku Kaporo, a Manase, mwini ng'ombe zambiri, anadzuka n'kupita pangolo yawo. Anamasula ng'ombe yonenepa yakuda n'kuikokera kutsogolo, n'kupereka chingwe m'manja mwa nduna. Wojambula zithunzi wa boma anajambula nduna itagwira chingwecho, mano onse ali panja.

Zinaululika pa chakudya chamasana. Abusa a mpingo wina, popempherera mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zimene anthu a kuno amanyadira, anathokoza Mulungu m'Chichewa chomveka bwino chifukwa cha ambulansi imene olemekezeka alonjeza kuti ifika mvula isanagwe. Nduna inatsegula maso pemphero lisanathe. Inadya pang'ono kwambiri, n'kunyamuka msanga. Ng'ombe ija inatsatira pa lole.

M'mawa mwake apolisi awiri anabwera kudzawatenga a Mwakalinga. Apa panalibe woseka. Tonse tinkadziwa anthu amene anatengedwa pa nkhani zazing'ono kuposa imeneyi n'kukhala zaka osaoneka. A Dora anafika akulira, atanyamula bulangete ndi chinangwa chowotcha, n'kukhala pansi pakhomo la polisi osachoka. Kuchipatala ntchito inaima. A Kamwendo anayesa kuona odwala ndi manja ndi zala, ndipo bambo wina amene anabwera ndi dzino anabwerera atamangidwa bandeji pabondo.

Tsiku lachiwiri tinaitanidwa kukapereka umboni, ine, a Kamwendo ndi a Manase. Mkulu wa polisi anali wa ku Dowa, watsopano ku Karonga. A Mwakalinga anakhala pakona, opanda jasi, opanda lamba, akuoneka aang'ono.

"Inu anesi," anandifunsa mkuluyo, "nduna inalonjeza ambulansi kapena ayi?"

Ndinaganiza msanga. Kunena kuti inalonjeza, ndanamizira nduna. Kunena kuti sinalonjeze, ndawamanga a Mwakalinga.

"Bwana, ine ndinali kumbuyo, ndipo ng'oma zinali pafupi ndi khutu langa."

A Kamwendo anati iwo nthawi imeneyo ankathandiza mayi wina amene anakomoka ndi dzuwa. Mayiyo sindinamuone, koma ndinavomereza kuti analipo.

Inafika nthawi ya a Manase, ndipo zinapezeka kuti Chichewa samva. Wapolisi yekhayo wodziwa Chinkhonde anali atatumidwa kumalire ku Songwe. Mkulu wa polisi anayang'ana uku ndi uku, n'kupumira m'mwamba, n'kuloza pakona.

"Iwe, bwera udzamasulire. Ukawonjezera liwu limodzi, ndikutumiza kumene sudzabwerako."

A Mwakalinga anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anamasulira liwu ndi liwu.

"Akuti nduna inalonjeza, bwana. Akuti anamva ndi makutu awo."

"Anamva kwa yani?"

"Akuti kwa ine, bwana."

"Eya! Basi, nkhani yatha." Mkuluyo anatsegula buku n'kutenga cholembera. Koma a Manase anali asanamalize. Anayankhula akumenya ndodo pansi.

"Akuti ng'ombe sanapereke kwa ine, bwana, anapereka kwa nduna. Akuti nduna inalandira ikuseka, anthu onse akuona, ndipo chithunzi chinajambulidwa. Akuti kwawo munthu salandira ng'ombe yothokoza ngati sanalonjeze kanthu. Akuti mulembe m'bukumo kuti nduna inatenga ng'ombe yaulere, ngati ndi zimene mukutanthauza."

Cholembera chinaima m'malere.

"Ine sindinatero," anatero mkulu wa polisi.

"Akufunsanso, bwana, kuti ngati galimoto kulibe, muwalembere kalata ndi dzina lanu pansi, akaitenge ng'ombe yawo kunyumba kwa nduna. Akuti imawadziwa, akaiitana ibwera yokha."

Mkuluyo anayang'ana chithunzi cha Pulezidenti pakhoma, anayang'ana buku, n'kulitseka mwakachetechete. Anati wafufuza mokwanira ndipo wapeza kuti nkhaniyi ndi ya chiyankhulo, si ya polisi. Anawabwezera a Mwakalinga lamba wawo n'kuwachenjeza kuti asadzakwerenso pansanja iliyonse m'dziko muno.

Panja a Dora anawakumbatira, kenako anawamenya ndi bulangete lomwe lija. Ndili m'njira ndinawafunsa a Mwakalinga chimene chinawalowa m'mutu.

"Anesi, munthu wamkulu akati vuto ndaliona, ndiye kuti achitapo kanthu. Ine ndinangowafupikitsira njira." Anayenda pang'ono kenako anati, "Koma m'chitokosi muja ndinaopa. Ndinkaganiza za ana."

Kwa masabata awiri anamasulira zokhazo zimene zanenedwa, ndipo odwala ankatifunsa ngati a Mwakalinga akudwala.

Zimene zinakambidwa kulikulu sitinazimve. Chimene tinaona n'chakuti mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, pageti panaima galimoto yoyera yokhala ndi mtanda wofiira. Inali itagwira kale ntchito zaka zambiri kwina. Chitseko chakumbuyo ankamanga ndi chingwe, ndipo kuti ilire inkafuna kukankha. Tsoka lake tauni ya Karonga ndi yathyathyathya, chitunda chotsetserekera palibe. A Mwakalinga anatenga udindo wosonkhanitsa okankha pakati pa anthu odikirira odwala, ndipo ankawauza kuti adokotala akuti kukankha ambulansi kumateteza nyamakazi. Azibambo ankalimbirana malo. Ngakhale zinali choncho, galimoto imeneyo inanyamula amayi ambiri usana ndi mvula, ndipo ku Kaporo kuli anthu akuluakulu lero amene anabadwira m'kati mwake.

Chipatala chinapitiriza kukula. Tinalandira wodi ya ana, kenako ya abambo, kenako kachipinda koyezera magazi. Ndiye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nyanja inakwera n'kuyamba kulowa m'tauni yakale. Madzi anafika pageti, anafika pakhonde, tsiku lina m'mawa tinapeza ali m'mawodi, kufika m'akakolo. Ambulansi inakana kulira ngakhale anaikankha anthu khumi. A Mwakalinga anakwera njinga, ndipo pofika masana ngolo za a Manase ndi anzawo zinali zitafika. Tinasamutsa odwala onse kupita ku sukulu ina ya kumtunda, a Mwakalinga ali m'madzi, jasi atalipinda m'chiuno, akunyamula nkhalamba kumsana. Bambo wina wothyoka mwendo anagwira mlamba ndi dzanja ali pabedi, n'kukana kukwera ngolo mpaka atamulonjeza kuti nsombayo ikwera naye. Palibe wodwala amene tinataya tsiku limenelo.

Pathonje yatsopano inamangidwa kumtunda, kutali ndi madzi. Thonje panalibe koma dzina linasamuka nafe. Inali ndi magetsi, mipopi, chipinda cha opaleshoni, ndi sikelo yeniyeni ya ana. A Kamwendo anapuma ntchito n'kubwerera ku Chiradzulu akudziwa mawu atatu a Chinkhonde, ndipo m'malo mwawo munabwera dokotala wachinyamata wa ku Thyolo. Mu 1983 tinalandiranso mkulu wa anamwino watsopano, a Febby Mwangomba, amene anaphunzira ku Blantyre koma anabadwira ku Karonga komweko. Uyu ndiye anali munthu woyamba waudindo Pathonje kumva zonse zimene a Mwakalinga ankanena.

Sabata yawo yoyamba a Febby anaima kumbuyo m'chipinda cha dokotala. Wodwala anali bambo wachikulire wa chifuwa.

"Muwauze amwe pilisi limodzi katatu pa tsiku, masiku asanu," anatero dokotala.

A Mwakalinga anatsokomola n'kuyamba. Nkhope ya a Febby inasintha pang'onopang'ono. Wodwala atatuluka, anawaitanira a Mwakalinga pakhonde.

"Adada, mwamuuza chiyani munthu uja?"

"Zimene anena adokotala, mama."

"Adokotala anena kuti asiye kachasu?"

"Chifuwa ndi kachasu sizigwirizana."

"Adokotala anena kuti akapepese kwa mkazi wake wamkulu?"

"Sananene, mama. Koma akanamudziwa munthuyu ngati mmene ndikumudziwira ine, akananena."

A Febby anakatsegula faelo ya a Mwakalinga n'kupeza kuti munthuyu analembedwa ntchito yosesa. Anawauza mwaulemu, koma mosabwerera m'mbuyo, kuti kuyambira mawa azigwira ntchito imene analembedwera. Anamwino achinyamata a konkuno anali atachuluka, ndipo womasulira sankafunikanso.

Motero patatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri chilandirire tsache, a Mwakalinga anayamba kusesa. Sankadziwa. Ankasesa molimbana ndi mphepo, fumbi lonse n'kulowa m'chipinda chotsukira mabala. Masamba ankawachotsa kumadzulo kwa bwalo kupita kum'mawa, mawa lake n'kuwabweza. M'manja munatuluka matuza, ndipo ine ndi amene ndinkawamanga. Sanadandaule, koma anaonda, ndipo zolembera anazichotsa m'thumba.

Patapita mwezi a Febby anaona chinthu chachilendo. Odwala achikulire akalandira mankhwala pawindo, sankalowera kugeti. Ankazungulira kuseri kwa nyumba yochapira. Anawatsatira, n'kupeza mzere wautali kuposa wa kwa dokotala. A Mwakalinga anali atakhala pa ndowa yovundikira, tsache lili pamiyendo, aliyense akuwaonetsa kapepala ka mankhwala n'kufunsa kuti kodi adokotala amatanthauza chiyani kwenikweni.

A Febby anafunsa gogo wina wamkazi chifukwa chake sanapite kunyumba, poti namwino anamufotokozera kale m'Chinkhonde.

"Mwana uja anangoti awiri m'mawa, awiri madzulo, wotsatira," anayankha gogoyo. "Sanandifunse ndine mwana wa yani. Mankhwala opanda mawu ine sindimwa."

A Febby anali munthu wolimba koma sanali wouma mutu. Anapita kuofesi, anakhala ola lathunthu, kenako anaitana a Mwakalinga. Anawapatsa theka la ola m'mawa uliwonse, ntchito isanayambe, kuti aziphunzitsa anthu onse odikirira pabenchi za katemera, madzi akumwa, ndi zimbudzi. Mutu wa tsikulo ankasankha a Febby. Maina a anthu ndi nkhani za m'mabanja zinaletsedwa. Theka la ola likakwana, a Febby ankaliza kabelu, ndipo a Mwakalinga ankanamizira kusamva mpaka kulira kachitatu. Anthu ena ankabwera osadwala n'komwe, kudzangomvera, ndipo chaka chimenecho amayi obweretsa ana ku katemera anachuluka mpaka tinawonjezera tsiku lina la sikelo. Kusesa kunaperekedwa kwa munthu wina, ndipo bwalo linayera kwa nthawi yoyamba.

Ine ndinasamutsidwira ku Kasungu mu 1989. Tsiku lonyamuka a Mwakalinga anandiperekeza kudepoti, atanyamula pa njinga yawo ya ku Joni ija thumba la mpunga wa ku Kaporo limene a Dora anandipetera. Tsitsi lawo linali litayera, ndipo anali atatsala chaka chimodzi kuti apume. Basi inali yodzaza, anthu ataimirira mpaka pakhomo, ndipo kondakitala anandiuza kuti ndidikire ya mawa. A Mwakalinga anamukokera pambali n'kumunong'oneza mawu angapo m'Chitumbuka. Kondakitala anandiyang'ana, anavula kapu, anatsitsa bambo wina pampando wakutsogolo n'kuupukuta ndi mpango wake. Thumba langa analinyamula yekha.

"Adada, mwamuuza chiyani?" ndinafunsa pawindo.

"Ndati ndinu namwino wabwino, muyende bwino. Ndagha, mwana wanga. Muzilemba kalata, a Febby azindiwerengera."

Ulendo wonse dalaivala anayendetsa mofatsa ngati wanyamula mazira. Pa Chilumba anandigulira nthochi. Pokwera mapiri a Chiweta ankandifunsa ngati ndili bwino pakona iliyonse. Titafika ku Mzuzu, kumene ndinkasinthira basi, kondakitala ananditsitsira katundu, n'kuima patsogolo panga akupotokola kapu m'manja.

"Amama, mukakafika mukawapatse moni achimwene anu. Mukawauze kuti basi yathu matayala ake tisintha sabata yamawa, asavutike kutiimitsa."

"Achimwene anga ati?"

"Aja akulu a apolisi apamsewu a chigawo chonse chino."

Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha asanu. Ndinamuuza kuti uthengawo ndikafikitsa.

A Mwakalinga anapuma ntchito mu 1990 n'kupita kukakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Hara, kumene ankathandiza kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Anamwalira patatha zaka zitatu. A Febby anandilembera kuti maliro awo anayendetsedwa m'ziyankhulo zitatu, ndipo chipatala chinatseka theka la tsiku kuti antchito onse apite.